Ulendo wa kwaya yathu ku Senga Bay, monga ndinauonera ndili kumoto

Komiti inandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Salima. Za nyimbo ndi mapemphero mlembi wathu wafotokoza kale pamsonkhano. Ine ndinali m'gulu lophika, choncho ndinena za kumene ndinali, makamaka za mbaula ndi masilinda a gasi, chifukwa pang'onong'ono zikanatibweretsera maliro tisanafike n'komwe kunyanja.

Tinanyamuka ku Area 25 ku Lilongwe Lachisanu m'mawa, mwezi wa Okutobala, tilipo anthu 28. Timakabwezera ulendo kwa anzathu a kwaya ya ku Senga Bay, amene anadzatichezera chaka chatha. Tinachita hayala basi ya kositala, ndipo poti mkati mwake simutsala malo a katundu anthu akadzaza, tinabwerekanso ngolo yamatayala awiri yokoka kumbuyo, ija ena amati tirela. Anthu ochuluka chotere sungawasenzetse eni mudzi kwa masiku atatu, ndiye tinatenga zathu: ufa, mpunga, nyemba, mafuta, shuga, masefuliya akuluakulu awiri. Zophikira zinali zinayi. Panali silinda ya makilogalamu 9 ndi mbaula yake ya mapoto awiri, silinda yaing'ono ya makilogalamu 6 yokhala ndi choyatsira pamutu, mbaula yachitsulo yowotchera nsomba, ndi chitetezo mbaula yadothi imene amayi a tcheya anabwereketsa. Thumba la makala sitinatenge dala, podziwa kuti lamulo la zankhalango limaletsa kunyamula makala opanda chilolezo ndipo pamalodibuloko amalanda.

Katundu anapakira ndi anyamata athu kusanache. Anagwira ntchito ndi mtima wonse, palibe wowadzudzula. Anayamba ndi zimene iwo amaziona kuti n'zamtengo wapatali, masipika, kiyibodi, ng'oma, kenaka matiresi ndi zikwama. Zophikira zinalowa pomalizira, kumbuyo kwenikweni, paliponse pamene panatsala mpata. Ine ndinafika kuchokera kogula buledi lona atamanga kale, zingwe zili gwaa. Sindinafunse kuti silinda mwaiika bwanji. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo tikanadya tonse.

Tinalowa msewu wa M14 titangodutsa Kanengo, anthu akuimba. Pa Chezi tinaima kuti tigule tomato ndi anyezi. Nditakweza lona kumbuyo kuti ndilowetse dengu, fungo linandimenya kumaso, fungo lija la ngati kabichi wowola. Ndinaitana adalaivala.

"Abambo, tabwerani mununkhize kuno."

Sanachedwe. Anangosuzumira n'kutembenuka. "Aliyense atsike, mupite uko kumtengo. Wosuta fodya asayandikire. Amayi, kauzeni mnyamata wachiwaya uyo kuti asakolezere moto kaye."

Chiwaya cha tchipisi chinali pafupi ndithu, moto uli lawilawi. Adalaivala anamasula zingwe zonse, n'kuchotsa lona kuti mphepo iwombe. Silinda yaikulu inali chigonere cham'mbali pakati pa thumba la ufa ndi chitseko cha ngolo, leguleta (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka m'silinda) ndi paipi zili chilumikizire monga zinachokera kukhitchini. Kudumpha kwa mahampu kunali kutaigubuduza, leguleta n'kukhutumuka pang'ono, ndipo kampopi ka pamutu pa silinda sikanatsekedwe mpaka kumapeto. Anatseka, anachotsa leguleta, n'kuiimika pansi pamthunzi.

Atakhazikika mtima anatifotokozera, ndipo ndikulemba mwatsatanetsatane chifukwa ambiri a ife timaphikira gasi kunyumba koma sitinamvepo. Gasi amene ali m'silinda amakhala wamadzimadzi, pamwamba pake pokha ndiye pamakhala mpweya. N'chifukwa chake pothira sadzazitsa, amalekezera pafupifupi magawo 80 pa 100, kuti kukatentha apeze pofutukukira. Silinda ikaima, pakamwa pake pamakhala mpweya. Ikagona, madzi aja amafika pakamwa, ndipo kadontho kakang'ono kakatuluka kamasanduka mpweya wambiri zedi. Chinanso, gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Sakwera kumwamba ngati utsi, amatsika n'kudikha pansi. Ndiye m'ngolo yotsekedwa ndi lona amangounjikana ngati madzi m'beseni, kudikira kamoto kamodzi. Ngakhale fungo lija silake, amachita kuthiramo dala kuti akamatuluka anthu adziwe.

Tinatsitsa zonse n'kuyambanso kupakira. Apa ndi pamene tinapeza kuti chitetezo mbaula ya amayi a tcheya yang'ambika kuyambira pakhomo la nkhuni mpaka kukamwa. Inali pansi penipeni pachitsulo, sefuliya ili pamwamba pake. Amayiwo anangoti, "Zachitika, ana anga, tiyeni," koma ndinaona kuti zawakhudza.

Ulendo uno popakira anatsogolera ndi adalaivala. Kwa wokonza matayala pomwepo tinagula matayala awiri akutha. Anawagoneka kutsogolo kwa ngolo, n'kuimika silinda iliyonse m'kati mwa tayala lake, n'kuzimanga ndi chingwe kuzitsulo za m'mbali, pamwamba ndi pakati, mpaka munthu kuzigwedeza osasuntha. Choyatsira cha silinda yaing'ono anachimasula, ndipo pamodzi ndi leguleta ndi paipi tinazikulunga m'chitenje n'kuziika m'ndowa yotseka kuti fumbi lisalowe m'timabowo. Mbaula ya mapoto awiri tinaichotsa zitsulo zokhazikapo mapoto, n'kuibwezera m'katoni, matiresi pansi ndi pamwamba. Machesi, makandulo ndi chigubu cha petulo wa jenereta zinapita kwina, kutali ndi masilinda. Pakona ya lona pamene panali masilinda anasiya mpata woti mphepo izidutsa, koma dzuwa lisawombe mwachindunji.

Anatiuzanso za kulemera. Zolemera zimayenera kukhala pansi, pamwamba pa matayala ndi kutsogolo pang'ono. Ukaunjika kumbuyo monga tinachitira ife, ngolo imapepuka kumphuno n'kuyamba kuvina uku ndi uku, makamaka potsetsereka. Iwo anati anaimva kale ikukoka basi cham'mbali koma ankaganiza kuti ndi tayala. Amene mumaudziwa msewuwu mukudziwa kuti ukadutsa mphambano ya ku Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito yawo mu 1889, msewu umatsika ndi makona mpaka kuchigwa. Lilongwe ali pamtunda woposa mamita 1,000, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Potsika pamenepo m'basi munali zii. Ine maso anali pagalasi lakumbuyo, kuyang'ana ngolo, ndipo inkatsatira bwinobwino.

Tinataya ola limodzi ndi theka pa Chezi. Pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima, tinangogula madzi, ndipo makilomita pafupifupi 20 otsalawo tinawatha dzuwa lili paliwombo. Anzathu anatichingamira kumsewu ndi nyimbo ndi nthungululu, amayi atayala zitenje pansi. Kutentha kwake ndiye kosasimbika. Wochokera ku Lilongwe amayamba wazolowera kaye.

Khitchini tinaikonza pansi pa mtengo wamango kuseri kwa tchalitchi. Tisanayatse, adalaivala anandiuza kuti ndisungunule sopo m'kapu ndi kupaka thovu polumikizira leguleta ndi m'paipi monse. Pamene pakutuluka gasi, thovu limatupa timabuluni. Tinapeza kuti paipi yathu ili ndi timing'alu chakumapeto, tinadula kachidutswako n'kumanganso ndi kachitsulo kake. Mnyamata wina anati kwawo amayesa ndi machesi. Amayi a tcheya anamuyang'ana n'kuti, "Iwe mwana wanga, usadzayerekezenso." Pamchenga mbaula imapendekeka, choncho tinayala thabwa pansi. Mphepo yochokera kunyanja inkazimitsa moto, mpaka tinatchinga ndi lata mbali imodzi, silinda ili patali monga paipi inalolera.

Kunena zoona, gasi anatithandiza pa tiyi wam'mawa ndi pokazinga ndiwo, koma nsima ya anthu oposa 50, pamodzi ndi eni mudzi, inaphikidwa pankhuni. Sefuliya yaikulu siikhazikika pambaula yagasi, ndipo ukamavundula ndi mthiko waukulu zonse zimagwedera. Amayi akumeneko anabweretsa zitetezo mbaula zawo zitatu zophikira ndiwo ndi mpunga, nsima n'kupita pamafuwa. Ndinaona ndi maso anga kuti tinkhuni tochepa, ndi zitsononkho zomwe, zinapsetsa mphika wa nyemba umene pamafuwa ukanadya mtolo. Boma linalengeza mu 2013 kuti likufuna mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020, ndipo kumudzi ngati kuno ndi kumene umaona kuti nkhaniyo sinathere pawailesi. Loweruka m'mawa tinapita kudoko kukagula usipa ndi utaka asodzi akungofika kumene, ndipo kampango mmodzi wamkulu anatipatsa ndi mkulu wa mpingo wakumeneko.

Usiku woyamba panabuka kakusiyana maganizo. Amayi tinagona m'kalasi ya sukulu, ndipo ena anafuna kuti masilinda alowe momwemo poopa akuba. Mantha awo anali omveka, silinda ndi ndalama zambiri, ndipo yaikuluyo inali yobwereka. Koma ine nditanunkhiza fungo lija pa Chezi sindikanalola. Tinkagona pansi pamatiresi, mazenera otseka chifukwa cha udzudzu, ena atayatsa kandulo. Gasi wotsika pansi uja akanayamba kupeza ife. Tinagwirizana zowaika m'khitchini ya abusa, imene ili padera ndipo ili ndi mipata yolowera mphepo, ataimikidwa, otseka, omangidwa ndi tcheni ndi loko. Mbaula yamoto nayonso sinalowe m'chipinda chogona ngakhale kamodzi, pakuti utsi wa makala umene suoneka ndi maso wapha anthu ambiri ali m'tulo.

Kuimba kunayenda bwino kwambiri. Loweruka madzulo tinaphunzitsana nyimbo, Lamulungu makwaya awiri tinaima pamodzi kutsogolo, tchalitchi chitadzaza mpaka ena kuima m'mazenera.

Chimene ndikufuna komiti imvetse ndi cha pobwerera. Popita munthu umakhala ndi mphamvu, zophikira zimakhala zozizira. Pobwerera aliyense watopa, nthawi yatha, adalaivala akufuna kukwera mapiri kusanade, ndipo mbaula zangochoka kumene pamoto. Titadya nkhomaliro Lamulungu, ndinapeza mtsikana wathu wina atanyamula mbaula yachitsulo kupita nayo kungolo. Pamwamba phulusa linali loyera ngati lozima. Nditatakasa ndi kamtengo, pansi panali makala ofiira. Akanalowa m'ngolo, mphepo ya pamsewu ikanawakolezera pakati pa matiresi, masilinda ali pomwepo. Tinakhuthula phulusa m'dzenje, tinathira madzi, n'kukwirira ndi mchenga, mbaulayo n'kuitsuka mpaka kuigwira ndi dzanja osamva kutentha.

Ndinatenga ndowa kuti ndithirenso pambaula yadothi imene tinaphikira, koma mayi wina wachikulire wakumeneko anandigwira mkono.

"Ayi mwanawe, yadothi sathira madzi ikali yamoto, imasweka. Chotsani makalawo, muisiye ipume yokha."

Mayi yemweyo ndi anzake anali atamva za mbaula yathu yong'ambika ija. Potsazikana anabweretsa chitetezo mbaula yatsopano, mphatso ya amayi a tcheya. Sanangotipatsa m'manja. Anatenga dengu, anayala udzu wouma wambiri pansi, anakhazika mbaula, anadzaza udzu m'mimba mwake ndi m'mbali monse mpaka yosagwedera, n'kumanga chitenje pamwamba. Kenaka anati, "Iyi m'ngolo ayi. Ngolo imadumpha kuposa galimoto. Ikhale m'basi, pamapazi pa munthu." Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ulendo uno kalumo tinakapeza kwa eni mudzi.

Pobwerera zophikira zinayamba kulowa, ndipo tinapakira ndife ophika, anyamata akutithandiza kunyamula ndi kumanga. Ndinatseka ndekha masilinda onse awiri, adalaivala n'kubwerezanso kuona. Tinaima kawiri panjira, pa Salima ndi pa Chezi, kukoka zingwe, kugwira matayala a ngolo ngati atentha, ndi kununkhiza pansi pa lona. Tinafika ku Area 25 cha m'ma 7 koloko usiku, dengu lija lili pamapazi panga njira yonse, mbaula yosang'ambika pena paliponse.

Silinda yaikulu tinabweza kwa eni ake Lolemba, titawauza zonse zimene zinachitika ndi kuti paipi tinaidula. Yaing'ono, imene ndi ya kwaya, ili m'kachipinda kakunja kwa tchalitchi kolowa mphepo, choyatsira chake chili m'ndowa pashelefu, osati m'kabati ya mayunifolomu mmene inkakhala kale. Matayala awiri aja tawasunga pomwepo. Ndikupempha komiti kuti pa ndalama zotsala tigule paipi yatsopano, zingwe zinayi zomangira katundu ndi chozimitsira moto chaching'ono, ulendo wa ku Dedza usanafike, komanso kuti pamndandanda wa ntchito pakhale dzina la munthu mmodzi wa gulu lophika amene lona sadzamangidwa iye asanaone.