Chimimba cha mfumu ndi thabwa lija

Lero ntchito sinayende olo pang'ono, mutu wanga unali pa chithunzi chimodzi basi. Mmawa mng'ono wanga ananditumizira pa foni katuni yakalekale ya ku France, ati achimwene taonani izi, ine nkumati ndingosuzumira kamphindi koma mpaka masana ndinali pompo.

Anajambula ndi Honoré Daumier mu 1831. Mfumu Louis-Philippe yakhala pa chimpando, chimimba uko, kukamwa yasaa, ndiye pali chithabwa chachitali chochokera pansi mpaka mkamwamo, tianthu tikukwera titasenza madengu a ndalama kukadyetsa mwini wake. Kunsi kwa mpando kukugwa mapepala a maudindo ndi maulemu, mabwana ali kalikiliki kutola. Mpandowo ndi chimbudzi, wojambulayu sanabise ayi. Koma ine chandilasa mtima ndi mayi wina wowonda wakhala pansi chakumanja ndi khanda lake, pafupi pomwe amphawi anzake akuponya tindalama tawo m'dengu. Ndinakulitsa pamenepo kangapo, misozi inalengeza ndithu.

Boma linamukwizinga Daumier, mu 1832 anakhala kundende miyezi 6 kuphatikiza chindapusa cha 500 francs, mnyamata wazaka 24 zokha. Pofika 1835 anakhazikitsa lamulo loti chojambula chilichonse chiziyamba chavomerezedwa chisanasindikizidwe. Ndikuona ngati ankaopa chifukwa nkhani ya munyuzi imafuna munthu wodziwa kuwerenga pomwe chithunzi olo amene sanapondeko mkalasi amangoona kamodzi nkudziwa kuti thukuta lake likupita mmimba mwa ndani.

Madzulo ndinapeza china cha 1789, mlimi wokalamba wawerama watsamira khasu, kumsana wabereka wansembe wonenepa bwinobwino ndi bwana wa m'banja la anthu apamwamba, uku akalulu ndi mbalame zikumudyera mbewu. Nthawi imeneyo magulu awiriwa ankakhululukidwa misonkho yambiri, mtolo nkutsalira anthu wamba, mpaka mchere weniweniwu unali ndi msonkho wake wotchedwa gabelle.

Ndinamuimbira mng'ono wanga uja. Iye akuti zimangomuseketsa mmene anajambulira mimbayo. Ndamuuza kuti atsegulenso, ayang'ane kumunsi chakumanja komwe kuli mayi uja kenako andiimbire. Mpaka pano ndikudikira.