Kuphunzira Chilithuania podzera mChingerezi nkuzungulira dala

Pafupifupi aliyense amene akufuna kudziwako Chilithuania amayambira pa mndandanda wa mizere iwiri, uku mawu a Chingerezi uku a Chilithuania, hello ndi labas, thank you ndi ačiū, water ndi vanduo, bread ndi duona, ndiye umaloweza nkumaona ngati zikuyenda. Inenso ndinayamba choncho poti kuno ku Lincolnshire komwe ndimagwira ntchito yolongeza ndiwo zamasamba anzanga ambiri pa layini ndi a ku Lithuania, anayamba kubwera mwaunyinji dziko lawo litalowa mu European Union mu 2004, moti mukayenda mtauni ya Boston chilankhulo chawo mumachimva mmashopu ndi mmabasi momwe. Koma zimene ndaona nzoti Chingerezi chija timadalirachi chimataya zinthu zambiri panjira, ndipo zinthu zotayikazo Chichewa chili nazo kale.

Tengani marry. Mzungu amangoti marry basi, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Mukatsegula dikishonale mupeza mawu awiri, vesti ndi tekėti, ndiye pansi pake alembapo ndemanga yaitali kufotokozera Mngelezi kuti loyambali ndi la mwamuna lachiwirili ndi la mkazi. Ife ndemanga imeneyo ndi yachani? vesti ndi kukwatira, tekėti ndi kukwatiwa, nkhani yatha. Chimodzimodzi wash, amene Azungu amagwiritsa ntchito pa mbale, pa malaya, pa nkhope, ponseponse. A ku Lithuania amasiyanitsa ngati ife tomwe, plauti ndi kutsuka, skalbti ndi kuchapa, praustis ndi kusamba kapena kusukusula. Sikuti zimagwirizana ndendende ayi, manja iwo amachita kutsuka pomwe ife timasamba mmanja, komabe mutu wako umakhala unazolowera kale kuti zovala ndi mbale sizitenga mneni mmodzi, pomwe mnzathu Mngelezi wa ku Grimsby amene ankaphunziranso chifukwa cha chibwenzi chake ankangosokoneza, mpaka kuuza anthu kuti wachapa makapu kkkk.

Ndiye pali you. Apa mpamene ndimaona kuti Chingerezi ndi chosauka ndithu, mwana you, agogo you, bwana you, gulu la anthu you. A ku Lithuania ali ndi tu ndi jūs, tu ndi iwe, jūs ndi inu, ndipo jūs yemweyo amagwira ntchito pa anthu ambiri komanso pa munthu mmodzi amene ukumupatsa ulemu, ngati inu wathu. Mayi wina wachikulire wa pa layini yathu ndimamuitana jūs nthawi zonse ndipo amakondwa, amati achinyamata obwera masiku ano sadziwa zimenezi. Chokhacho chimene chinandizunguza mutu nchoti ambiri a iwo makolo awo owabereka amawanena tu, mwana kuuza mayi ake kuti iwe osaona vuto lililonse, eeh, kwathu ku Dedza mbama yake ungaiwale dzina.

Masiku a pa sabata ndiye ndinangoseka ndekha. Tuesday, Wednesday, Thursday, timaloweza ku pulayimale osadziwa kuti ndi mayina a milungu yakale ya anthu ena. A ku Lithuania amangowerenga, pirmas ndi choyamba ndiye pirmadienis, antras ndi chachiwiri ndiye antradienis, kenako trečiadienis, ketvirtadienis, penktadienis, ndiye kuti Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu wathu uja basi. Ife tinangopatula Lolemba, Loweruka ndi Lamulungu, iwo anapitiriza kuwerenga mpaka kumapeto. Zina zazing'onozing'ono ziliponso, pirštas ndi chala kaya cha kumanja kaya cha kuphazi, laikrodis ndi wotchi kaya ya pamkono kaya ya pakhoma.

Koma musanamizidwe kuti Chichewa chikuthandizani paliponse. Pali malo ena pomwe ife ndi Azungu timagwera dzenje limodzi. Kupita, mwachitsanzo. Ife timapita ku Lilongwe, timapita kuseri kwa nyumba, mneni yemweyo. Iwo eiti ndi kupita wapansi basi, ukakwera basi kapena sitima kapena njinga ndi važiuoti, pa ndege skristi, pamadzi plaukti, ndiye ukanena kuti einu į Londoną, kugwiritsa mneni wa kupita wapansi uja ponena za ulendo wa ku London, amakuyang'ana kumapazi kuona ngati nsapato zako zikafika. Kuvalanso ndi chimodzimodzi, nsapato apsiauti, chipewa užsidėti, magolovesi užsimauti, jekete apsivilkti, ndipo mfakitale mmawa uliwonse timavala zinthu zonsezi motsatizana ndiye ndi mayeso a tsiku ndi tsiku. Dikishonale ya pa foni ukalemba put on imangokukhuthulira onsewa pamodzi osakuuza kuti liti ndi la chiyani.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi loti mawu amene uli nawo pa mndandanda si amene umawamva pakamwa pa anthu. Mayina awo amasintha kumapeto malinga ndi ntchito yake mchiganizo, masinthidwe ake alipo 7. Mzinda wawo waukulu ndi Vilnius, koma kukhala mu mzindawo ndi Vilniuje, kupitako ndi į Vilnių, kuchokerako ndi iš Vilniaus. Mngelezi amadandaula kwambiri apa, ine ndimangoti ndi zomwe zija mlendo amakumana nazo akamva ndinakamugulira nkukafufuza pa chilembo n pomwe mawu ake ali pa gula. Ife timamata kutsogolo iwo amamata kumbuyo. Ndiponso a ndi the alibe, ngati ife, nchifukwa chake akamalankhula Chingerezi amadumpha timawu timeneti ndipo ine sindinawasekepo.

Palinso mawu ooneka ngati a Chingerezi koma ndi msampha. fabrikas si nsalu ayi, ndi fakitale, nsalu ndi audinys. aktualus sakutanthauza actual, akutanthauza nkhani yofunika pa nthawi ino. Woopsa kwambiri ndi prezervatyvas amene ndi kondomu, pomwe mankhwala oteteza chakudya kuti chisaonongeke ndi konservantai, ndiye taganizirani supavaiza wa Chingelezi akufotokoza monyadira kuti saladi wathu alibe ma preservatives, anyamata a kumbuyo aja kugwira pakamwa onse.

Chimene ndimawasilira nchoti mawu atsopano amayesetsa kupanga awo. Filiji ndi šaldytuvas kuchokera ku kuziziritsa, ndege ndi lėktuvas kuchokera ku kuuluka, basketball amene amamukonda ngati chipembedzo ndi krepšinis kuchokera ku dengu, hamburger ndi mėsainis kuchokera ku mėsa, nyama, mpaka selfie anamupezera dzina, asmenukė. Liuma limeneli lili ndi mbiri yake. Kuyambira 1864 mpaka 1904 boma la mfumu ya ku Russia, lomwe linkalamulira Lithuania nthawi imeneyo, linaletsa kusindikiza Chilithuania mu zilembo za Chilatini, mabuku ankasindikizidwa kutsidya kwa malire ku East Prussia nkumalowetsedwa mozemba usiku ndi anthu otchedwa knygnešiai, onyamula mabuku, ndipo ogwidwa ena ankatumizidwa ku Siberia. Anthu oti agogo awo anamangidwapo chifukwa cha buku la mapemphero sangangotola mawu aliwonse a eni ake. Jonas Jablonskis, amene anamwalira mu 1930, ndi amene anakonza chilankhulo cholembedwa chija ndipo mawu ngati pieštukas, pensulo, ndi degtukas, machesi, ndi ntchito yake. Dikishonale yawo yaikulu ili ndi mavoliyumu 20, anaimaliza mu 2002 patatha zaka 100 chiyambireni katswiri wa chilankhulo Kazimieras Būga kutolera mawu, ndipotu olankhula ake ndi pafupifupi 3 miliyoni okha, ochepa kutalitali poyerekeza ndi ife a Chichewa. Mpaka pano ku Vilnius kuli bungwe la boma loyang'anira chilankhulo.

Koma bungwelo likanabwera pa layini yathu likanalira. Buku limati shifiti ndi pamaina, nthawi yopuma ndi pertrauka, koma anyamata amangoti šiftas, breikas, kumata as kumapeto basi, monga momwe London anasandukira Londonas ndipo dziko lathu pa mapu awo ndi Malavis. Mayi wachikulire uja amawakalipira akamva, iwo amangoseka nkumuuza kuti pamaina imakhala ku Lithuania, kuno malipiro amabwera pa šiftas.