Lachiwiri: foni yosweka ndi makalata ofanana

Foni yanga inagwa dzulo usiku ndikufufuza kandulo mumdima, galasi n'kung'aluka ngati ukonde wa kangaude. Ndiye m'mawa ndinakwera minibasi ku Area 25 kulowera m'tauni. Kondakitala anatipanikiza anayianayi, ndipo mnyamata amene ndinakhala naye pafupi ankangofunsa foni yake mafunso a Biology njira yonse. Inkamuyankhadi.

Amene amandikonzera foni amakhala m'kakontena kufupi ndi msewu wa Malangalanga. Patebulo pake pali timasikuluu m'chitsekerero cha botolo, mswachi wakutha, ndi kachipangizo kouzira mpweya wotentha kamene amamatulira galasi. Luso lonseli anaphunzira pa YouTube. Ali mkati mopala guluu, anandionetsa foni yatsopano yolembedwa pabokosi ndi zilembo zikuluzikulu kuti AI, kutanthauza mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu. Akuti ukazunguliza munthu ndi chala pachithunzi, imamufufuta ngati sanakhalepo. Atanditchulira mtengo ndinangoseka. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zoterezi timangozidya ndi maso. Ndinamufunsa ngati sakuopa kulandidwa ntchito. "Achimwene, tsiku limene AI idzagwire sikuludiraiva, ine ndidzapita kwathu ku Mitundu kukalima fodya," anatero osadzutsa n'komwe mutu.

Podikira kuti guluu aume ndinakaona azakhali ku Old Town. Ali ndi kashopu kotayipa, kupanga fotokope ndi kumata mapepala m'pulasitiki. Ndinawapeza akungothamangitsa ntchentche. Kale munthu ankabwera ndi kalata yofunsira ntchito yolemba pamanja, iwo n'kumuwongolera Chingelezi, kutayipa, n'kumulipiritsa pa peji. Masiku ano amatumiza pa WhatsApp kalata yothaitha yolembedwa ndi AI, n'kungoti, "Mayi, mungopulinta." Ndalama ya kupulinta ndi yochepa, inki ndiye yakwera mutu. Mtsikana amene ankawathandiza kutayipa tsopano amabwera katatu kokha pa sabata.

Apa mpamene mtima wanga unaima. ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba makalata, inatuluka mu November 2022, dzanadzanali, koma taonani pamene zafika. Anthu akamakamba za tsogolo la ntchito amathamangira maloboti a m'mafakitale. Ine ndikuona kuti zoyamba kuphwa ndi tintchito timene mwana wongolemba kumene MSCE amayambira: kutayipa, kukonza CV, kupanga maposita a ukwati ndi a msonkhano wa tchalitchi. Tindalama take n'tochepa, inde, koma m'menemo ndi momwe munthu amaphunzirira kufika pa nthawi, kulankhula ndi kasitomala wolusa, kusunga chenji. Mtsikana uja akaphunzirira kuti zimenezi?

Azakhali sanachedwe kundiseketsa. Anatulutsa makalata atatu a anthu osiyana, onse oyamba ndi mawu ofanana ngati ana a mimba imodzi. Ina mwini wake anaiwala ngakhale kudzaza pamalo polemba dzina. "Bwana wolandira zimenezi asankha bwanji, mwana wa achimwene anga? Aponya ndalama m'mwamba?"

Kenako tinayesa kamakina ka mu foni yawo kuti katilembere kalata yoitanira anthu ku chinkhoswe. Mawu ake anali a Chichewa ndithu, koma oyenda chotsimphina, ndipo ankhoswe kanawalankhula ngati anzake oseweretsana nawo mpira. Sizodabwitsa. Makinawa amaphunzira pomeza zolembedwa zambirimbiri za pa intaneti, kenako amalosera liwu loyenera kutsatira linzake. Za Chingelezi zilipo zodzaza nkhokwe, za Chichewa n'zapang'ono, ndipo ulemu wa pachinkhoswe wambiri uli pakamwa pa akuluakulu, sunalembedwe paliponse. Choncho makalata a kwa amfumu, mapulogalamu a maliro ndi a zinkhoswe akadali m'manja mwa azakhali. Kwa zaka zingati, sindingalumbire.

Foni ndinaitenga cha m'ma 4 koloko, galasi lili phuliphuli. Kunyumba ndinapeza magetsi sanayakebe, batire latsala ndi 9 peresenti. Ndisanaizimitse panalowa uthenga wa azakhali: Loweruka ndipite ndikawaphunzitse kagwiritsidwe ntchito ka zinthuzi, iwo pamodzi ndi mtsikana uja. Bandulo akuti ndigule ndekha, iwo aphika nsima ya chambo.