Mmene ndimatsatira maphunziro a mnyamata wanga ku boarding

Makolo anzanga amene anyamata anu angosankhidwa kumene kupita ku sekondale yogonera konko, ndati ndikulembereni mmene ine ndimachitira kuti ndizidziwa zomwe zikuchitika mkalasi, poti ambiri mwakhala mukundifunsa. Ine ndimakhala ku Luchenza, geni yanga ndi ya kaunjika, ndipo mwana wanga ali Folomu 4 pa sukulu ina ya anyamata okhaokha mbali ya ku Mulanje.

Dziwiranitu kuti mwana wamwamuna ukamufunsa zoti sukulu ikuyenda bwanji yankho lake ndi limodzi, "zili bho amayi." Basi. Kusukulu kwawoko mafoni saloledwa, nde amaimba Lamulungu pa foni ya a boarding master, kumbuyo kwake kuli mzere wa anzake akudikira, ndiye mu timphindi timeneto zomwe ungamve ndi zoti shuga watha, sopo watha, nsapato yamatuka. Za mkalasi sizibwera zokha, uzichita kuzitsata wekha.

Poyambira pake ndi tsiku lokamusiya lomwe lija. Musangotsitsa chikwama ndi matiresi nkumathamangira minibasi, funsani kuti form teacher wa kalasi yake ndi ndani, mupatseni nambala yanu ndipo inunso mutenge yake, muonetsetse kuti akulowetsani mu gulu la makolo la pa WhatsApp muli pompo. Kwathu kuno magulu alipo awiri, lina la sukulu yonse lomwe amalemba ahedi ndi achiwiri awo okha, lina la kalasi lomwe aliyense amalemba. La sukulu yonselo ndi lomwe mumabwera kalendala ya teremu, masiku a mayeso apakati pa teremu, visiting day, msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi tsiku lotsekera. La kalasilo ndi lothandiza kwambiri komanso ndi lotopetsa, chifukwa uthenga wa aphunzitsi umakwiririka ndi ma "Amen", zithunzi za maluwa zammawa ndi mauthenga ongotumizirana, munthu ukakhala masiku angapo opanda bandulo ukatsegula umapeza mulu. Ine chomwe ndimachita, uthenga uliwonse wochokera kwa mphunzitsi ndimauika nyenyezi nthawi yomweyo, kenako madzulo ndikamawerengera za geni ndimakopera masiku onse kumapeto kwa kope langa la ngongole. Foni ikhoza kubedwa pamsika koma kopelo silichoka mchikwama.

Ndipo tisaiwale kuti si kholo lililonse lili ndi foni ya WhatsApp. Pali mayi ena oyandikana nafe, amathyola tiyi ku esiteti, amachoka kusanache kubwera dzuwa litapendeka, mwana wawo ali kalasi imodzi ndi wanga. Kafoni kawo nkamabatani. Tinagwirizana kuti kukabwera uthenga ndimawaimbira kapena kuwadutsira madzulo nkuwawerengera, ndipo tinapempha form teacher kuti zikuluzikulu aziwatumizira pa SMS. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngati mukudziwa kholo lotere kufupi nanu chitani chimodzimodzi chonde.

Kumayambiriro kwa teremu aphunzitsi ena amatumiza mndandanda wa mitu yomwe akufuna kuphunzitsa. Osangoudutsa umenewo. Olo musamve kuti mole concept ndi chiyani, ineyo sindinafike patali ndi sayansi, koma kuwerenga mutu pa foni nkuufufuza mkope la mwana aliyense angathe. Akabwera ku holide ndimakhala naye pakhonde ndi makope ake onse, ine ndikutchula mutu iye akutsegula tsamba. Pamenepo mpamene umaona kuti mutu uwu anaphunzira, uwu sanafikepo, uwu analemba deti ndi mutu wokha pansi pake palibe kanthu. Aphunzitsi akapanda kutumiza mndandandawo ndimapempha mwaulemu ku inbox osati pagulu, ndipo ambiri amatumiza ndithu.

Izi ndinaziona kufunika kwake mu 2023, namondwe Freddy atawononga kuno mu Malichi. Sukulu zinatsekedwa mmaboma akummwera kuno, misewu ndi milatho zinaduka, ana anakhala pakhomo kwa masabata. Nthawi imeneyo wanga anali Folomu 1. Atatsegulira, pamsonkhano funso la tonse linali loti mitu yotsalayo itheka bwanji, ndipo aphunzitsi anakonza makalasi a Loweruka. Chifukwa ndinali ndi mndandanda uja ndinkatha kuona kuti yabwezedwa ndi iti, yatsala ndi iti.

Tsopano ripoti. Apa mpamene makolo ambiri timapusitsika, timangothamangira pa nambala, wakhala nambala chani mkalasi, tikaona 12 pa ana ambirimbiri mtima pansi. Ripoti ili ngati belo la kaunjika, kunja alembapo giledi koma zenizeni umaziona ukadula zingwe. Mwana akhoza kukhala nambala yabwino mkalasi yomwe yonse ikulephera masamu. Nde muziwerenga phunziro lililonse palokha, malikisi ake, giledi yake ndi ndemanga ya mphunzitsi, kenako muyerekeze ndi ripoti ya teremu yatha.

Ku Folomu 3 ndi 4 amagwiritsa ntchito manambala ngati a mayeso a MSCE, kuyambira 1 mpaka 9. Wopeza 1 kapena 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, 9 walephera. Mapointi omwe timamva aja amawerengera pa maphunziro 6 omwe mwana wachita bwino koposa, nchifukwa chake wokhoza kwambiri amati wapeza mapointi 6. Manambala akamachepa ndiye kuti zikuyenda. Ndipo diso lanu likhale pa Chingerezi, chifukwa akalephera Chingerezi satifiketi palibe olo enawo akhoze bwanji, komanso kuti aganiziridwe ku mayunivesite aboma kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezicho. Ine ripoti ikafika ndimatenga cholembera nkuwerengetsa ndekha mapointiwo pambali, osadikira kuti wina andiuze.

Nkhani ina yomwe imadutsa mwakachetechete makolo osadziwa ndi ya kusankha maphunziro polowa Folomu 3, akangotha mayeso a JCE aja anachotsedwa nkubwereranso mu 2021. Anyamata amasankha motsatira anzawo, kapena kuthawa mphunzitsi amene akumuona ngati wovuta. Ife nthawi yathu kunali Physical Science imodzi, pano anaigawa, Physics payokha Chemistry payokha. Wanga anafuna kusiya Physics, koma ndi yemweyo amene kuyambira ku pulayimale amanena zoti adzaphunzira za uinjiniya ku yunivesite ya MUST, pompa pa Ndata kufupi ndi Goliati, tikamadutsa amachita kuloza. Ndinamuuza kuti aise, sungafune kumeneko uku ukuthawa Physics ndi masamu, tiye tikafunse. Tinakhala pansi ndi bambo ake komanso mphunzitsi wa phunzirolo, anamufotokozera bwinobwino mpaka anavomera yekha. Fomu yosankhira maphunziro ikabwera musangosayina, funsani mwana chomwe akufuna kudzakhala kenako mufunse aphunzitsi ngati zomwe wasankhazo zikumufikitsa kumeneko.

Koma tsiku lomwe ine sindiphonya zivute zitani ndi lokumana ndi aphunzitsi, kwathu amaliphatikiza ndi visiting day. Geni ndimatseka. Ndimakwera minibasi yoyambirira mpaka pa Chitakale kenako kabaza, mchikwama muli ripoti, kope langa lija, cholembera, ndi kamba wa mwana, chiponde, chigumu ndi timapeyala. Kambayo ndimamupatsa pomaliza, chifukwa akangolandira maganizo onse amathawira ku hostel. Ndikafika ndimamutuma kaye akatenge makope ake ndi mapepala a mayeso omwe anabwezeredwa.

Aphunzitsi amakhala mu holo, aliyense pa desiki yake atamata pepala la phunziro lake. Makolo ambiri amayamba ndi komwe mwana amakhoza kuti akamve zokoma, ine ndimayamba ndi komwe kukuvuta, ndipo mzere wa masamu ndi umene umatalika nde kulawira kumathandiza. Mwana akhale pambali panu, osapita nokha. Teremu yachiwiri ya Folomu 3 masamu ake anatsika kuchoka pa 4 kufika pa 7. Nditakhala pansi ndinati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzamva za mwanayu, vuto lili pati?" Iwo sanalankhule zambiri, anangotenga pepala lake la mayeso nkulitambasula pa desiki. Funso la quadratic equation, mwana analemba x = 3 ndi x = -2 basi, pamwamba pake poyera. Pambali cholembera chofiira chalemba 1 pa malikisi 5. "Mukuona mayi, yankho wapeza, mutu uli bwino, koma njira ili kuti? Malikisi ambiri ali pa njira. Amawerengera pa kapepala kena nkutaya." Anatsegula tsamba lina, chimodzimodzi, lina chimodzimodzi. Mnyamata ali chete akuyang'ana nsapato. Zinandikhudza kwambiri chifukwa pa ripoti zinkaoneka ngati mwana sakumva masamu, pomwe vuto linali laling'ono lotheka kukonza. Anagwirizana pomwepo kuti Lachisanu lililonse azikapereka masamu asanu olemba njira yonse, ndipo teremu yotsatira anabwerera pa 4.

Ku Chemistry kunali kwina. Kope linali ndi masamba osalemba, mitu yokha. Nditafunsa zinapezeka kuti buku ndi limodzi pa anyamata angapo, nde nthawi ya prep imathera kudikirana ndi kukopera manotsi mmalo mowerenga. Pamenepo sindinakalipe mwana, ndinafunsa madamu dzina lenileni la buku lomwe akugwiritsa ntchito, ndinalilemba, nditapita kukaoda katundu ku Limbe ndinaligula. Funsani kaye musanagule, mabuku ena ogulitsa mmisewu ndi a silabasi yakale.

Kwa mphunzitsi aliyense mafunso anga sasintha kwenikweni. Ndi mutu uti womwe ukumuvuta, mkalasi amapezeka nthawi zonse ndipo ntchito amapereka, nanga pa holide achite chiyani. Mayankho ndimalemba pomwepo iwo akuona. Ndikamaliza ndimadutsanso kwa a boarding master, chifukwa za mkalasi zimayambira ku hostel, mwana amene akuzunzidwa ndi akuluakulu kapena amene wayamba kudumpha mpanda usiku zimaonekera pa malikisi. Makamaka inu a Folomu 1, mufunseni mwana muli awiriwiri ngati wina akumulanda zakudya kapena kumuchapitsa zovala, anyamata amabisa poopa kutchedwa ofooka.

Msonkhano wa PTA musamaone ngati ndi wa ndalama zokha. Inde za chitukuko zimatenga nthawi, koma mpamene ungaimike dzanja nkufunsa zoti ana alowa kangati mu labu teremu ino, poti Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi mayeso a practical, mwana asakaone zida koyamba tsiku la mayeso. Mpamenenso timamva ngati mphunzitsi wasamutsidwa ndipo kalasi ikungokhala. Zikatero komiti ndi ahedi amakaitula nkhaniyo ku ofesi ya Shire Highlands Education Division pa boma la Mulanje, yomwe imayang'anira masekondale a Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu. Kholo mmodzi kudandaula pa WhatsApp sizipita patali, koma zikalembedwa mu maminitsi a msonkhano zimatsatidwa.

Chomwe tangomaliza kumene ndi kalembera wa mayeso a MANEB. Sukulu ikalowetsa maina imatulutsa pepala loti mwana aliyense aone ngati zonse zili bwino asanasayine. Apa ndikupemphani, musamusiyire mwana yekha. Ine ndinapempha form teacher kuti andijambulire mzere wa mwana wanga nkunditumizira, ndinatenga zikalata zake za JCE nkuyerekeza chilembo ndi chilembo, dzina loyamba, la bambo, tsiku lobadwa, chithunzi, kenako maphunziro onse omwe walembetsa. Maina athu achilomwe aja amavuta kulemba, pena h amasowa pena amaonjezera, ndipo dzina likalakwika pa satifiketi kukonzetsa kwake ndi ulendo wautali. Kwa mwana wa mayi anzanga a ku esiteti aja tinapeza kuti Geography sinalowe, anaikapo phunziro lomwe anasiya kalekale ku Folomu 2. Tinaimba tsiku lomwelo, anakonza nthawi isanathe.

Pano tikudikira mayeso a mock. Ndapempha kale kuti zotsatira zake atipatse phunziro lililonse palokha pamodzi ndi mapepala, osati mapointi okha, ndipo aphunzitsi a Chingerezi anena kuti holide ikubwerayi aliyense abwere atalemba ma composition awiri ndi summary imodzi. Ma past paper ndinafotokopetsa kale pa Luchenza pompa. Amene ana anu ali kalasi imeneyi ndipo simunawapeze mundiuze, tigawana mtengo wa fotokope.