Mmene tinasankhira Chipata pa ulendo woyamba wa timu yathu kunja kwa dziko

Ndine mlembi wa timu ya mpira ya anthu apantchito kuno ku Dedza, aja amati ma socials. Muli aphunzitsi, anamwino awiri, amakaniko, ochita geni ya kachewere, ndi madala angapo omwe anaumenyapo mpira weniweni ali anyamata. Timakumana Lamlungu lililonse masana. Kwa chaka chathunthu tinkasonkha K10,000 aliyense pamwezi, ndipo ndalama itayamba kuoneka m'buku la msungichuma, nkhani inabuka yoti tikasewere kunja. Ku Mangochi tinapitako, ku Salima kawiri. Ulendo uno anthu ankafuna chidindo m'pasipoti, mpira masana, usiku kukaona mmene anzathu a dziko lina amachezera.

Msonkhano woyamba unachitika mu Meyi, titakhala pa udzu m'mbali mwa bwalo, kamphepo kakuphiri katayamba kale kuluma. Tinatha maola awiri osamvana. Anyamata ankafuna Joni. Ena ankati Lusaka, ena Tete, mmodzi anakakamira Dar es Salaam. Aliyense ankakamba za usiku basi: kumene kuli magule, kumene mowa ndi wotchipa, kumene sakutseka mpaka mbandakucha. Panalibe anafunsa kuti tikasewera ndi ndani. Dzuwa litapendeka, a tcheya anati, "Alembi, nkhaniyi itengeni, mudzatibweretsere chinthu chogwirika."

Choyamba chimene ndinachita ndi kupempha aliyense pa WhatsApp kuti ajambule tsamba la pasipoti lija lili ndi chithunzi ndi tsiku lothera. Mwa anthu 24, omwe anali ndi pasipoti yamoyo anali 13. Anayi inali itatha, asanu ndi awiri sanakhalepo nayo chibadwire. Izi si zachilendo kwathu kuno. Tinazolowera kuwoloka pa boda ya Dedza kupita ku Calomue kapena ku Ulongwe ndi kachikalata ka border pass, ndipo ku Lizulu munthu amangodumpha msewu wa M1 n'kupezeka ali ku Mozambique. Koma kachikalata kaja n'ka madera a m'malire, si kokalowa nako mkati mwa dziko la eni. Mwa 13 aja, awiri pasipoti yawo inali itatsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi, choncho ndinawaika m'gulu la okakonzetsa. Tinagwirizana kuti ulendo usachitike pasanathe miyezi inayi, kuti aliyense apeze mpata wopita ku ofesi ya Immigration ku Lilongwe. Visa sinali nkhani, chifukwa Mmalawi safunika visa pokacheza masiku ochepa ku Zambia kapena ku Mozambique.

Joni ndi Dar es Salaam ndinazichotsa tsiku lomwelo. Mabasi ena a ku Johannesburg amadutsa pomwe pano pa boda yathu, koma ulendo wake ndi wodzera ku Tete, Harare mpaka Beitbridge, kupitirira tsiku lathunthu uli chikhalire. Mphunzitsi amene akuyenera kuima kutsogolo kwa kalasi Lolemba m'mawa sangakwanitse, ndipo miyendo yotupa m'basi siithamanga mphindi 90. Lusaka inandivuta kuisiya, chifukwa kumeneko usiku ulikodi. Koma kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wopitirira makilomita 550 pa Great East Road, kutsika ndi kukwera zitunda za ku Luangwa. Komanso mzinda waukulu umamwaza anthu: bwalo uko, kogona uko, kovina uko, ndipo ndalama yambiri imathera m'mataxi.

Mpikisano weniweni unatsala pakati pa Tete ndi Chipata.

Tete ndinkaifuna ndi mtima wonse. Boda ili pakhomo, msewu umadutsa ku Angonia kumene anthu amayankhula ngati ife ndipo ambiri mwa ife tili ndi abale. Amene anafikako ankasimba za mlatho wa Samora Machel usiku magetsi akuwala pa Zambezi, nkhuku yootcha ya piripiri, mowa wa 2M wozizira, ndi kizomba yovina awiriawiri mpaka kucha. Mpira amaukondanso, kwawo kwa timu ya Chingale kumeneko. Ndinakhala pansi ndi mkulu wina wa m'timu mwathu amene amapita ku Tete kawirikawiri ndi katundu, ndipo iye ndiye ananditsegula maso. Anati, "Achimwene, mukuiwala kumene mumakhala." Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, ndipo Okutobala akamayandikira kutentha kumafika madigiri 40. Timu yathu ili ndi anthu a zaka zopitirira 45, ena amamwa mankhwala a BP. Anamwino athu awiri atamva zimenezi anakana kwamtuwagalu kuti tikathamange kumeneko 3 koloko masana.

Panalinso zina. Mukangodutsa Angonia n'kulowa mu mzinda wa Tete, Chichewa chimachepa, pamatsala Chipwitikizi ndi Chinyungwe. Masana izi sizivuta, mumalozerana ndi zala. Koma ndinaganizira mnyamata wathu wa zaka 23 atasochera 2 koloko usiku, foni itazima, sakudziwa kutchula dzina la kumene wagona. Malo ogona nawonso si otchipa chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Moatize yomwe imakoka anthu andalama. Ndipo tikanapita pa galimoto yathu, inshuwalansi ya COMESA Yellow Card sigwira ntchito kumeneko poti Mozambique sili mu COMESA, mumagula ina pa boda. Chachikulu pa zonse, ku Tete tinalibe munthu wa mpira woti atilandire.

Ku Chipata tinali naye. Mmodzi wa aphunzitsi athu ali ndi msuweni wake kumeneko amene amasewera m'timu yonga yathuyi. Anandipatsa nambala, ndipo kuyambira pa foni yoyamba ndinadziwa kuti ulendo wapeza mwini. Chinyanja chawo ndi chathu zimamvana, kungoti pali mawu ofunika kusamala nawo. Msuweniyo atati "tizakamba mailo", ndinayesa akunena dzulo, koma iwo mawu amenewa amatanthauza dzulo komanso mawa, mumamvera nkhani yake. Nthawi nayo amatchula mwawokha. Sanena kuti 3 koloko masana, amati "15 hours". Ndinaphunzira kulemba chilichonse pa uthenga tikamaliza kuyankhula: tsiku, deti, ola.

Sindinafune kutengera anthu 20 kumalo amene sindinawaone. Mu Julayi ine ndi msungichuma tinapita kukagona usiku umodzi, ndipo ndalama imeneyi ndi imene sindidandaula nayo ngakhale pang'ono. Tinakwera minibasi kupita ku Lilongwe, ina ya ku Mchinji kudzera ku Namitete ndi Kamwendo, kenako kagalimoto kofika pa boda. Pa Mchinji ndi Mwami tsopano ndi boda ya malo amodzi yomwe inatsegulidwa mu 2022, moti zidindo za mayiko onse awiri mumadindira m'nyumba imodzi. Kuchoka apo kukafika m'tauni ndi ulendo wosakwana ola. Tinanyamuka ku Dedza m'mawa, nkhomaliro tinadyera ku Chipata.

Tinachita zinthu zitatu. Tinakaona bwalo n'kuliyenda ndi mapazi, kuona ngati lili ndi miyala kapena maenje. Anyamata ankalota David Kaunda Stadium, koma otilandira anatilangiza bwalo la pasukulu lomwe iwo amasewerapo, ndipo linali labwino, la udzu wochepa koma losalala. Tinakaona loji, n'kutsegula mipopi ya m'bafa ndi kuwerenga mabedi. Kenako madzulo tinawapempha kuti atiyendetse kumene iwo amacheza Loweruka. Sindinkafuna malo otchuka pa Facebook. Ndinkayang'ana ngati pali magetsi panja, ngati pakhomo pali alonda, ngati pali poti mdala wosamwa akhale pansi ndi fanta yake akudya michopo, kanyenya wawo uja, anyamata akuvina mkati. Ndinawerenganso mphindi zoyenda kuchoka pamalopo kukafika kogona. Zinali khumi pa taxi. Chipata si Lusaka, inalandira ulemu wokhala mzinda mu 2017 ndipo mukhoza kuizungulira madzulo amodzi, kuyambira ku msika wa Kapata mpaka ku Down Shops. Kwa gulu ngati lathu, kuchepa kumeneko ndiye phindu lake.

Deti inatitengera sabata. Loweruka lomaliza la Ogasiti ndi Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi ku Katete, ndipo Achewa a mayiko atatu amadzaza malo ogona mpaka ku Chipata komwe. N'chimodzimodzi kumapeto kwa Febuluwale pa Nc'wala ya Angoni a Mpezeni ku Mtenguleni. Kumayambiriro kwa Sepitembala ena mwa ife amapita ku Umhlangano ku Ntcheu. Tinasankha kumapeto kwa Sepitembala, malipiro atalowa, mvula isanayambe.

Nkhani ya ndalama ndi imene inkandisowetsa tulo. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo ndalama zakunja sizipezeka mwachisawawa. Kwacha ya Zambia dzina ndi lofanana ndi yathu koma mphamvu ndi yosiyana kutali, moti zimene tinasonkha chaka chonse zinkaoneka zochepa tikazitembenuza. Yankho linachokera kwa a tcheya a timu ya ku Chipata. Anati, "Inu mukabwera, kogona ndi chakudya cha Loweruka ndi zathu. Ife tikabwera ku Dedza, ndi zanu." Aliyense alipire kwawo ndi ndalama yakwawo. Tinalemba kalata, ma tcheya onse awiri anasaina. M'kalatamo tinaikamonso za pabwalo: mphindi 35 chigawo chilichonse, kusintha osewera mopanda malire, oyimbira akhale wodziwa ntchito osati mnzawo wa m'timu, ndipo asatibweretsere anyamata a mu ligi. Mfundo yomalizayi ndinaiumirira, chifukwa ndinaonapo mpira wa paubale utasanduka chipongwe kaamba ka osewera obwereka.

Maganizo ochita hayala kosita imodzi kuchokera ku Dedza mpaka ku Chipata tinawasiya titaona mapepala ake: blue book, kalata ya mwini galimoto, chikalata cha apolisi, chilolezo chotulutsira galimoto kwakanthawi, Yellow Card, ndi misonkho ya mbali inayo monga carbon tax. Mwini kosita analibe theka la zimenezi. Tinapangana kuti atitule pa boda Lachisanu n'kudzatitenga Lamlungu, tsidya linalo otilandira anatikonzera minibasi yawo.

Lamulo la usiku ndinalibweretsa pa msonkhano womaliza, ndipo panali phokoso. Lachisanu aliyense akhale ali kogona pofika 10 koloko, kucheza kwenikweni ndi Loweruka mpira ukatha. Palibe woyenda yekha, atatuatatu. Aliyense alembe dzina la loji ndi nambala za madalaivala awiri a taxi papepala, osati mufoni mokha. Anthu atatu osamwa, ine mmodzi wa iwo, tikhale omaliza kuchoka pamalo. Mnyamata wina anati, "Alembi, ndife ana ife?" Amene anamuyankha ndi goloboyi wathu, bambo wa ana anayi: "Mphwanga, akazi athu atilola kupita chifukwa akudziwa kuti tibwerako tonse."

Tinapita anthu 19. Chimene sindinachiyembekezere chinachitika pa loji. Titafika Lachisanu madzulo tinapeza zipinda zitatu mwa zimene tinasungitsa azipereka kwa alendo ena, ngakhale tinali ndi lisiti m'manja. Ndinaima pa kauntala thukuta lili kamukamu, anthu asanu ndi mmodzi atakhalira zikwama zawo panja. Otilandira sanatalikitse nkhani. Anaimbirana mafoni, ndipo pasanathe ola anthu athu aja anali atagawidwa m'makomo mwa osewera anzawo. M'mawa anabwera atadya bwino kuposa ife a pa loji. Usiku umenewo ndinaganizira za Tete, kuti zikanatichitikira kumeneko tikanagogoda pakhomo pa yani.

Mpira tinagonja 3-2. Chigawo choyamba tinatsogola, koma kutentha kwa Chipata, ngakhale sikufika pa kwa Tete, kunatimaliza mawondo. Usiku tinadya nsima limodzi, tinalawa chikanda, omwa anamwa Mosi, ndipo DJ atadziwa kuti muli Amalawi anasakaniza nyimbo zakwathu ndi kalindula. Madala omwe ankati akagona 9 koloko ndi amene anavuta kuwachotsa pabwalo lovinira. Cha m'ma 2 koloko ndinaima pakhomo pa minibasi ndi kope langa, kuitana mayina mmodzimmodzi, ndipo onse 19 anayankha.

A ku Chipata akubwera mu Juni. Ndalama ya kogona kwawo tayamba kale kuika padera, ndipo ulendo uno zipinda ndikazilipira zonse ndi kukatenga makiyi ndekha m'mawa wa tsikulo. Dzulo a tcheya awo anandiimbira kufunsa ngati n'zoona kuti ku Dedza nkhungu imaphimba bwalo mpaka goloboyi osaona mnzake. Ndawauza abwere ndi majekete, ndipo mpira tiyamba 15 hours.