Kickback: nkhani yonse ili pa mpata umene macheka adula

Za kuvala magalasi ndi kuzula pulagi posintha buledi tonse timazidziwa. Chimene chandilowa m'mutu tsopano, mpaka mtima kukhala pansi, ndi chifukwa chimene circular saw (macheka amagetsi a buledi yozungulira) imadumphira m'mbuyo, zomwe amati kickback.

Mano a pansi pa buledi amathamangira kutsogolo, ndipo buledi ya mamilimita 185 imazungulira pafupifupi ka 5,000 pa mphindi. Thabwa likaipana, mphamvu yonseyo imakankhira makina kwa amene wagwira. Mukapotoza dzanja pang'ono, mano akumbuyo amaluma pamwamba pa thabwa, makina n'kukwera kutuluka mumpata. Ndiye funso n'limodzi basi: mpatawu ukutseguka kapena ukutsekeka?

Kuyala thabwa pa mabenchi awiri n'kudula pakati ndiko kulakwa kwenikweni. Pakatipo pamabwafuka, mpata umatsekeka cha pamwamba, buledi yapanidwa. Chidutswa chachifupi chisiyeni chilendewere kunja kwa benchi, chigwe chokha. Pulayiwudi ya mamilimita 2440 x 1220 igonekeni pa timatabwa tinayi, tiwiri mbali iliyonse ya mzere wodula, kamodzi pafupi ndi mzerewo, kena cha kumapeto. Kwa ine njira ya timatabwayi ikuposa malangizo ena onse kuphatikiza pamodzi, ngakhale akalipentala akale angaseke.

Buledi itulukire pansi pa thabwa osapitirira dzino limodzi. Imani chammbali, osati kumbuyo kwa mzere. Buledi ikakakamira, chotsani chala pa switchi, gwiranibe ndi manja onse mpaka itaima. Poyambiranso mano asakhudze thabwa. Magetsi akathima muli pakati podula, zulani pulagi kaye. Gadi ya pansi, yophimba buledi, osaimangirira ndi waya.

Chondinyansa n'choti ambiri ophunzitsa ukalipentala amangoti "gwira mwamphamvu", ngati nkhani ndi ya minofu. Kufotokoza za mpata sikungathe mphindi zisanu, koma nthawi ya pulakitiko imathera pa mzere wodikira makina amodzi.

Patsala paini wa kuphiri la Zomba, amene nthawi zambiri timagula akadali wamuwisi. Utomoni umamata buledi, ndipo podula motsatira utali, thabwa limatha kudzitsekera lokha kumbuyo kwa buledi ngakhale mwaliyala bwino. Ena amaimitsa makina n'kulowetsa kamtengo kosongola mumpata, ena amati lisanjeni pamthunzi liume kaye. Ine ndikupendekera kokuumitsa, koma nyengo ya mvula kuno thabwa lingaume liti, kaya.