Tsiku limene ndinamva mtundu wa buluu

Kwa ife osaona, kompyuta imayamba kulankhula Windows kapena Linux ikadzuka. NVDA ya pa Windows ndi Orca ya pa Linux, zimene zimatiwerengera mokweza zolembedwa pa sikirini (ma screen reader), ndi mapulogalamu chabe, ndipo sangatsegule pakamwa makina asanafike pamene iwo amakhala. Zonse za m'mbuyomo, BIOS (pulogalamu yoyamba kudzuka mukayatsa kompyuta) ikuyeza ziwalo, GRUB (menyu yosankhira Windows kapena Linux) ikufunsa kuti ndilowe mbali iti, zimangolembedwa pa sikirini mwakachetechete. Mthenga wanga pa nthawi imeneyo ndi mmodzi yekha: kasipika kam'kati, kaja kamati "pii" kamodzi zonse zikakhala bwino.

Kompyuta yanga yatsopano sinkati pii. Nditaika Linux pambali pa Windows ndinkangoganizira: ndikamva fani yayamba, ndiwerenge mpaka 8, ndidinde muvi wotsika kawiri, kenako Enter. Tsiku lina ndinkafika ku Windows, tsiku lina ndinkapezeka m'zipinda zimene sindikuzidziwa mpaka lero.

Ndinayamba ndi kuyesa ngati kasipikako kalipo. Mu PowerShell, polembera malamulo pa Windows, ndinalemba [console]::beep(440,500) ndipo phokoso linamveka bwinobwino. Ndinasangalala, osadziwa kuti ndadzinamiza ndekha. Kuyambira pa Windows 7, kulira kumeneku kumadutsira ku sound card, choncho chimene ndinamva chinali mahedifoni amene ndinali nditavala kumutu.

Pokhulupirira umboni wabodzawu, ndinathera madzulo onse ku Linux. Mu fayilo ya /etc/default/grub muli mzere wakuti GRUB_INIT_TUNE="480 440 1" wouza GRUB kuti ilize kasipika ikamayamba, koma wotsekedwa ndi chizindikiro cha #. Ndinachotsa chizindikirocho, n'kulemba sudo update-grub, n'kuyatsanso. Zii. Ndinadzutsa pcspkr, kapulogalamu ka Linux koyendetsa kasipikako, ndi sudo modprobe pcspkr, popeza ma Linux ena amaitsekereza dala pofuna kuti isasokose. Ziinso. Pambuyo pake m'pamene ndinazindikira kuti GRUB ilibe nayo ntchito pcspkr, imachititsa yokha kasipikako kulira Linux isanadzuke. Ndinali kugogoda pakhomo pa nyumba yopanda munthu.

M'mawa mwake ndinazula chingwe cha magetsi, ndinadinda batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira athe, ndinamasula zomangira ziwiri zakumbuyo n'kutsegula bokosi. Musanakhudze motherboard, board yaikulu imene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo, kuti magetsi a m'thupi asakaphe kanthu. Ndinafufuza ndi nsonga ya chala kachinthu kozungulira, kokula pafupifupi mamilimita 12, kokhala ndi kabowo pamwamba. Ma board ena amabwera nako komatiridwa kale. Pa yanga panalibe. Opanga ake anaikapo timagetsi 4 tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, toti kamodzi kakayaka udziwe pamene pavuta. Nzeru yabwino ndithu, kwa amene ali ndi maso.

Choncho panafunika kasipika kogula padera. Kameneka kali ndi mawaya awiri ndi pulagi ya mabowo 4, koma mabowo awiri apakati ndi opanda kanthu. Kamalowa pa mapini 4 olembedwa SPEAKER kapena SPK. Buku la board ndinali nalo pa PDF, koma nditafika pa tsamba lofunikalo NVDA inangoti "graphic" n'kukhala chete, ngati mboni yowopsezedwa.

Basi ndinadalira chala. Mapini a fani ali ndi kakhoma ka pulasitiki kumbuyo, amenewo ndinawadumpha. A USB ali m'mizere iwiri, 9 onse pamodzi, pangodya pakusowa imodzi. Kenako m'mphepete mwenimweni ndinapeza mapini 4 amaliseche, mzere umodzi, otalikirana bwino. Pulagi inalowa ngati kwawo.

Nditayatsa, kasipika kanayamba kulira ngati udzudzu wolowa m'khutu, kukweza mawu, kutsitsa, kukwezanso, osapuma. Ine pamenepo mtima m'malo, ndati tsopano makina akulankhula. Ndinatenga foni kuyamba kufufuza tanthauzo la kulira kokwera ndi kutsika, ndipo ndinatsala pang'ono kugamula kuti purosesa yatha. Chimene chinandiimitsa ndi mphuno. Kafungo ka pulasitiki yotentha sikafuna screen reader.

Ndinazula chingwe n'kuimbira mphwanga pa vidiyo, kamera nditailozetsa m'bokosi.

"Achimwene, tsitsani foni pang'ono. Ayi, kumeneko ndi kudenga."

"Ukuona chiyani iwe?"

"Pamene mwalumikizapo palembedwa 12V, G, R, B. Amenewotu ndi a magetsi okongoletsa bokosi."

Anaseka mpaka kutsamwa. Mapini a RGB ndi otalikirana mamilimita 2.54, chimodzimodzi ndi a SPEAKER, n'chifukwa chake pulagi sinakane. Waya wanga wina unali pa 12V, pomwe kasipikako kamayembekezera 5V, ndipo winawo unali pa B, pini ya mtundu wa buluu. Board imawalitsa ndi kuzimiriritsa mitundu poyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, ndiye buluu akamawala kapena kuzilala, mawu a kasipika ankasintha naye. Kwa mphindi ziwiri zathunthu ndinakhala ndikumvetsera mtundu wa buluu, n'kumauyesa matenda.

Mapini enieni anali m'munsi kudzanja lamanja, pafupi ndi F_PANEL, pamene pamalowa mawaya a batani loyatsira. Pa ma board ambiri ndi pomwepo, ndipo pa ena amakhala mbali ya F_PANEL yeniyeniyo, choncho yambani mwatsatira waya wa batani ndi chala mpaka pamene wathera. Waya wofiira umapita pa pini ya +5V, ngakhale tisipika tambiri timalirabe mukatembenuza. Kanga, mwamwayi, kanali kasanapse.

Ndinayatsa ndikuyembekezera pii mmodzi waulemu. M'malo mwake kanalira kotalika, kupuma, kotalikanso, mobwerezabwereza. Manambala a kulira amasiyana malinga ndi BIOS, koma mphwanga atawerenga tebulo la m'buku anati kulira kotere ndi kwa RAM, memore ya kompyuta. Pofufuza muja, dzanja langa linali litakankha kachingwirizo ka kumapeto kwa RAM, n'kuitukula pang'ono. Mawu oyamba a mthenga wanga watsopano anali ondinenera ineyo.

Ndinazimitsa, ndinakanikiza RAM mbali zonse ziwiri mpaka kumva "tha", n'kuyatsanso. Pii. Patapita masekondi ochepa, kanaliranso kamodzi, kameneko n'ka GRUB, mzere uja wa dzulo uli kugwira ntchito yake. Ndinadinda muvi kawiri, Enter, ndipo NVDA inandilonjera.

"Achimwene," anatero mphwanga asanadule foni, "mawa tiyese wofiira?"